Chilango chikatha chimathadi? Zimene ndinaona pa tebulo la ku Sheffield

Usiku wa Lolemba pa 5 May 2025 ndinali nditakhala pa kreti ya mabotolo kuseri kwa golosale ya amalume anga, foni ili m'manja, ndikuonera amuna awiri ovala mawesikoti akuzungulira tebulo lobiriwira mumzinda wa Sheffield ku England. Anzanga a m'kalasi nthawi imeneyo anali ku sukulu, ena mu laibulale, ena ku hositelo akukangana za maasainimenti. Ine ndinali kumudzi, pa chilango cha chaka chimodzi.

Ndiyambe ndi mlandu wangawo, chifukwa ndikapanda kutero zonse zimene ndilembe pano zikhala zachinyengo. Tili m'chaka chachiwiri, mesho wanga anapeza mafunso a mayeso a pakati pa semesita tsiku la mayeso lisanafike. Momwe anawapezera ndi nkhani yake. Ine sindinawagwiritse ntchito, ndipo kwa miyezi yambiri ndinkabisala kuseri kwa chiganizo chimenechi. Zoona zake n'zakuti ndinadziwa ndipo ndinakhala chete. Tsiku lina foni yake itatha moto anandipempha kuti nditumize mafunsowo kwa anyamata awiri pa WhatsApp, ine ndinatumiza. Ndalama zimene anyamatawo analipira zinadzera pa nambala yanga. Nkhani itaululika, komiti yosungitsa mwambo sinavutike kundipeza. Mesho anachotsedwa sukulu. Ine, poti ndinavomera msanga, anandiimitsa chaka chimodzi.

Amayi sanalankhule zambiri. Anangondiuza kuti, "Pita kwa amalume ako ukathandize pa golosale, pano ukhala ukundikumbutsa fizi." Ndi mmene ndinapezekera pa tiledingi senta, ntchito yanga ili yoyang'anira tebulo la pulu limene lili pa khonde la golosaleyo: kulandira ndalama za gemu, kutsegula kabati ya mipira, kuweruza mikangano ya oledzera, ndi kusesa nsalu ya tebulo m'mawa uliwonse.

Aliyense amene anakhalapo pa tiledingi senta amaidziwa pulu. Gemu imodzi mphindi zochepa yatha, wopambana amatsala pa tebulo, wogonja amakagula ina. Snooker ndinaidziwa mwangozi, pofufuza pa YouTube momwe akatswiri amagwirira ndodo kuti ndisiye kuchititsidwa manyazi ndi anyamata a kabaza. Ndinapeza masewero ofanana ndi pulu koma a mtundu wina. Tebulo lake ndi lalikulu, mafiti 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, ndipo maenje ake ndi othina. Pamakhala mipira yofiira 15, uliwonse wa pointi imodzi, ndi ina 6 ya mitundu: wachikasu 2, wobiriwira 3, wa bulauni 4, wa buluu 5, wa pinki 6, wakuda 7. Umalowetsa wofiira, kenako wa mtundu, umene umabwezedwa pamalo pake, kenako wofiira wina, mpaka ofiira onse atatha. Ukalowetsa wakuda pambuyo pa wofiira aliyense n'kumaliza yotsalayo osaphonya, umapeza 147, ndipo pali osewera ambiri amene amakalamba asanafikepo pamenepo pa mpikisano. Gemu imodzi amaitcha fulemu, ndipo pa mipikisano ikuluikulu munthu amayenera kupambana mafulemu ambiri kuti adutse.

Chimene chinandikoka kwambiri ndi bata lake. Mnzako akakhala pa tebulo, iwe umakhala pa mpando. Sungamutchinge, sungamukuwize, sungachite chilichonse koma kuonerera akuwunjika mapointi chifukwa cha kulakwitsa kwako kumodzi. Ukhoza kukhala pamenepo mphindi 10 kapena kuposera apo, kamera ili pankhope pako. Kwa munthu amene anali atakhazikidwa pa mpando kwa chaka chathunthu chifukwa cha kulakwitsa kwake, chithunzi chimenechi sichinafune wondimasulira.

Snooker ya akatswiri ili ndi mndandanda wa osewera, ndipo malo ako pa mndandandawo amatengera ndalama zimene wapambana m'mipikisano yovomerezeka pa zaka ziwiri zapitazo. Waukulu mwa mipikisano imeneyi ndi wa dziko lonse, World Snooker Championship, umene kuyambira 1977 umachitikira mu Crucible Theatre ku Sheffield, holo ya zisudzo yokhala anthu osafika 1,000. Osewera 16 a pamwamba pa mndandanda amalowa mwachindunji. Ena onse amayamba alimbana pa ndime ya chipulula kuti apeze malo 16 otsalawo. Mu 2025 mpikisano weniweni unayamba pa 19 April n'kutha pa 5 May, ndipo wopambana amayembekezera mapaundi 500,000, wachiwiri mapaundi 200,000.

Pakati pa amene anayambira pansi penipeni pa chipululacho panali mnyamata wa ku China wa zaka 28, Zhao Xintong. Dzinali silinali lachilendo. Mu 2021 anapambana UK Championship pogonjetsa Luca Brecel 10–5, ndipo kumayambiriro kwa 2022 anatenga German Masters pothyola Yan Bingtao 9–0. Anthu ankati ndiye adzakwaniritse zimene Ding Junhui anazisiya panjira, pakuti Ding, amene anatsegulira achinyamata a ku China khomo la masewerowa, anafika mu fainolo ya dziko lonse mu 2016 koma anagonja kwa Mark Selby 18–14. Kenako mu January 2023 Zhao anaimitsidwa. Anali mmodzi mwa osewera 10 a ku China amene anaimbidwa milandu yokhudza kugulitsa masewero. Chigamulo chinatuluka mu June chaka chomwecho. Liang Wenbo ndi Li Hang analetsedwa kusewera moyo wawo wonse. Yan Bingtao analandira zaka 5. Zhao sanapezeke kuti anagulitsapo gemu yake, koma anavomera kuti anatengapo mbali pamene wosewera mnzake ankagulitsa masewero awiri, komanso kuti iye mwini ankabetcha pa masewero a snooker, zimene malamulo amaletsa. Chilango chake chikanakhala miyezi 30, koma chifukwa chovomera msanga chinatsitsidwa kufika pa miyezi 20, ndipo chinatha pa 1 September 2024.

Nditawerenga zimenezi ndinaika foni pansi. Sanagulitse gemu yake, koma anadziwa, anathandiza, ndipo anavomera. Ndinkangoona ngati ndikuwerenga kalata imene komiti inandilembera, kungosintha dzina ndi dziko.

Chilango chija chinamuchotsera malo ake pa gulu la akatswiri. Chitatha, sanabwerere pamene anasiyira. Anayambiranso pa mipikisano ya osewera wamba yotchedwa Q Tour, m'makalabu mopanda makamera ambiri, kulimbana ndi ana ongoyamba kumene ndi akuluakulu amene nthawi inawapitirira. Anapambana mipikisano inayi motsatizana, n'kupanga 147 kawiri, ndipo zimenezi zinamupezera malo obwereranso kwa akatswiri m'chaka chotsatira. Koma ku mpikisano wa dziko lonse wa 2025 analowabe ngati wosewera wamba, kutanthauza kuti amayenera kupambana magemu anayi a chipulula asanaone ndi khomo lomwe la Crucible. Anagonjetsa Cheung Ka Wai 10–3, Long Zehuang 10–8, Lyu Haotian 10–4, ndi Elliot Slessor 10–8. Taonani ma 10–8 awiriwo. Kangapo konse nkhani yonseyi inatsala pang'ono kuthera m'holo ya chipulula, ndipo palibe akanailemba.

Ku Crucible zinthu zinayamba ndi chodabwitsa. Kyren Wilson, amene anali ndi chikho, anagonja 10–9 kwa Lei Peifan, mnyamata wa ku China amene amaponda koyamba m'holoyo. Kumeneko kuli kamwambi kakuti aliyense wotenga chikho koyamba pa Crucible sachiteteza chaka chotsatira, ndipo kuyambira 1977 mpaka tsiku limenelo palibe anali atakatsutsa. Osewera a ku China anali 10 mwa 32, chiwerengero chimene sichinaonekepo kale. Zhao anayamba ndi Jak Jones, amene anafika mu fainolo chaka chapitacho, n'kumugonjetsa 10–4. Anadutsa Lei Peifan 13–10, kenako Chris Wakelin 13–5. Wakelin yemweyo anali atangochotsa Mark Allen, ngakhale Allen anapanga 147 mu gemu imeneyo. Snooker ndi yotero: ukhoza kusewera fulemu imodzi mopanda banga n'kupakira zikwama tsiku lotsatira.

Mu semifainolo Zhao anakumana ndi Ronnie O'Sullivan, mwini zikho 7 za dziko lonse, munthu amene ngakhale anyamata a pa tebulo lathu la pulu ena anamumvapo dzina. Chigawo choyamba chinatha 4–4. M'chigawo chachiwiri Zhao anatenga mafulemu onse 8. O'Sullivan, amene anali atasinthitsa nsonga ya ndodo yake pakati pa gemuyo, anakhala pa mpando nthawi yaitali kuposa mmene anazolowera. Zinatha 17–7, chigawo chomaliza chisanafike n'komwe.

Mbali inayo kunkabwera munthu wa nkhani yosiyana kotheratu. Mark Williams wa ku Wales, wa zaka 50, analowa gulu la akatswiri mu 1992 pamodzi ndi O'Sullivan ndi John Higgins, Zhao asanabadwe. Anatenga chikho chimenechi mu 2000, 2003 ndi 2018. Mu 2025 ankadandaula poyera kuti maso ake ayamba kuchita chidima ndipo mipira sakuiona bwino. Ndi maso omwewo anagonjetsa Wu Yize 10–8, Hossein Vafaei 13–10, John Higgins 13–12 pa fulemu yomaliza imene inakathera pa mpira wakuda, kenako Judd Trump, amene anali nambala wani pa mndandanda, 17–14. Anakhala munthu wamkulu kuposa onse amene anafikapo mu fainolo pa Crucible.

Ndisabise, mtima wanga unagawanika. Williams ndi mtundu wa munthu amene makolo athu amatiuza kuti titengere: zaka zoposa 30 ali pa ntchito imodzi, wanthabwala, wosadzimva. Chikho chikanapita kwa iye palibe akanafunsa funso. Koma ine ndinkafuna Zhao apambane, ndipo ndinkadziwa kuti chifukwa chake sichinali snooker.

Fainolo imaseweredwa masiku awiri, ndipo wopambana ndi amene wayamba kufika pa mafulemu 18. Lamlungu masana Zhao anatsogola 7–1. Pofika usiku zinali 11–6. Lolemba masana anafika pa 17–8, kutsala fulemu imodzi yokha. Chigawo chomaliza chinayamba 8 koloko usiku nthawi ya kwathu kuno, ndipo ndinagula bandulo ndi ndalama imene ndinkasungira nsapato. Williams anakana kufa msanga. Anatenga mafulemu anayi motsatizana, 17–12, holo yonse ili mbali yake, Zhao ali phee pa mpando. Mu fulemu ya 30 mpata unapezeka, Zhao anaimirira n'kuwunjika mapointi 87 osaphonya. 18–12. Anakhala munthu woyamba wa ku China, ndiponso wa ku Asia konse, kutenga chikho cha dziko lonse cha akatswiri a snooker, woyamba kuchitenga ali wosewera wamba, ndi wachitatu kuchitenga pa Crucible atachokera ku chipulula, pambuyo pa Terry Griffiths mu 1979 ndi Shaun Murphy mu 2005. Kuti afike pamenepo anapambana magemu 9 ndi mafulemu 111.

Amalume anandipeza ndikupukuta m'maso. Anafunsa ngati kwagwa maliro. Nditawafotokozera nkhani yonse, anakhala kaye chete, kenako anati, "Ndiye ukulira chifukwa wakuba mnzako wawina?" Anaseka, nanenso ndinaseka, koma mawuwo anandilowa. Potseka golosale anawonjezera kuti, "Nanga akanaluza, bwenzi ukuti chiyani? Bwenzi akadali wakuba?" Amalume sanapite patali ndi sukulu, koma funso limenelo ndalisinkhasinkha kuposa mafunso ambiri a m'kalasi, ndipo ndi limene landilembetsa nkhaniyi.

Si onse anakondwera ndi kupambana kwa Zhao, ndipo amene anadandaula sanali ansanje chabe. Mfundo yawo yoyamba ndi yakuti masewero aliwonse amaima pa chikhulupiriro. Munthu akaphonya mpira wophweka, woonera ayenera kukhulupirira kuti waphonyadi. Chikhulupiriro chimenecho chikasweka, chotsala ndi chisudzo, ndipo aliyense amene anathandiza kuchiswa walakwira osewera onse, ngakhale amene sanakumane nawo pa tebulo. Mfundo yachiwiri inali ya mndandanda. Mapaundi 500,000 aja anawerengedwa, Zhao n'kulowa pa nambala 11, zimene zinatanthauza kuti wina amene anakhala akusewera mokhulupirika zaka ziwiri zonse anatsika n'kutuluka m'gulu la 16 a pamwamba, gulu limene limatsegula makomo a mipikisano ya ndalama zambiri. Osewera ena ananena poyera kuti zimenezi sizinayende bwino.

Madandaulo amenewa ndimawamva, chifukwa ali ndi abale awo ku sukulu. M'kalasi mwathu munali mtsikana amene ankawerenga mpaka usiku kwambiri pa mayeso omwe aja, ndipo anapeza malikisi ochepa kuposa anyamata awiri amene ndinawatumizira mafunso. Mayesowo anafafanizidwa, kalasi yonse inalembanso, anthu osalakwa anataya sabata yawo chifukwa cha ife. Digiri ya pa sukulu imene mafunso amatuluka msanga imapepuka m'manja mwa aliyense, wobera ndi wosabera yemwe. Choncho sindili pano kudzanena kuti kudziwa n'kukhala chete ndi kamlandu kakang'ono. Ndinkaganiza choncho kale, ndipo ndinkalakwitsa. Chinyengo cha mtundu umenewu sichiyenda ndi munthu mmodzi. Chimafuna wina wosunga chinsinsi, wina wobwereketsa foni, wina wolandira ndalama. Opanda anthu ngati ine, mesho wanga sakanapita patali.

Koma pali kusiyana pakati pa kunena kuti munthu analakwa ndi kunena kuti asabwererenso. Amene anaweruza mlandu wa osewera 10 aja anali ndi mphamvu yoletsa munthu moyo wake wonse, ndipo anaigwiritsa ntchito pa anthu awiri. Kwa Zhao anasankha miyezi 20, atayeza kukula kwa mbali yake. Chilango chokhala ndi tsiku lothera ndi pangano la mbali ziwiri. Wolakwa amavomera kutaya nthawi, ndalama, malo ndi ulemu. Olanga nawo amalonjeza kuti tsikulo likafika khomo litseguka. Ngati tsikulo lafika ife n'kumapitiriza kumutsekera, ndiye kuti tinamunamiza, tinamupatsa chilango cha moyo wonse koma tinachita mantha kuchitchula dzina. Ndipo tikatero tikuphunzitsa wolakwa wa mawa kuti kuvomera n'kupusa, bola kukana mpaka kumapeto, popeza mapeto ake ndi amodzi. Wina akhoza kutsutsa kuti miyezi 20 inachepa, ndipo mtsutso umenewo ndi wololeka. Koma woyenera kufunsidwa ndi amene anagamula, osati amene anagwira chilango chimene anapatsidwa.

Snooker inadutsamo kale m'njira imeneyi. Mu 2010 John Higgins, ali nambala wani pa dziko lonse, anajambulidwa mobisa ndi atolankhani a nyuzipepala ya News of the World akukambirana za kugulitsa mafulemu. Sanapezeke wolakwa pa kugulitsa masewero, koma analangidwa miyezi 6 ndi chindapusa cha mapaundi 75,000 chifukwa, mwa zina, sanakanene kwa akuluakulu kuti anthu amufikira ndi nkhani yotere. Atabwerera, anatenga chikho cha dziko lonse mu 2011 pogonjetsa Judd Trump 18–15. Lero amalandiridwa ndi m'manja kulikonse kumene wapita. Masewerowa sanafe chifukwa chomulola kubwerera.

Apa ndi pamene funso la amalume limaluma. Zitsanzo ziwiri zimene ndaperekazi ndi za anthu amene anabwerera n'kupambana, ndipo nkhani zotere zili ndi msampha. Timazikonda chifukwa zimatha bwino, ndipo mosazindikira timayamba kuganiza kuti chikho ndicho chinatsuka munthuyo. Chikho sichitsuka kanthu. Zimene Zhao anachita zisanafike 2023 zinakhalabe zolakwika pa 5 May 2025 monga zinalili pa 4 May. Mapointi 87 aja anaonetsa kuti amadziwa kusewera, chinthu chimene palibe ankachikayikira. Ufulu wake wokhala pa tebulo sanaupeze usiku wa fainolo. Anaupeza pa 1 September 2024, tsiku limene chilango chinatha. Akanagonja kwa Slessor mu chipulula n'kubwerera kwawo mwakachetechete, ufuluwo ukanakhala womwewo.

Izi ndikuzinena chifukwa ambiri a ife amene tinalakwapo sitidzatenga chikho chilichonse. Mnyamata wobwerera ku sukulu atalangidwa nthawi zambiri amamaliza ndi digiri wamba. Mtsikana amene anabwereza chaka sadzakhala pa nyuzipepala. Munthu wotuluka kundende amakafuna ganyu, osati mendulo. Ngati tikhululukira okhawo amene abwerera n'kuchita zodabwitsa, ndiye kuti sitikukhululuka, tikungogula luso lawo ndi chikhululukiro chathu. Usiku uja ndinkalira chifukwa ndinkaganiza kuti Zhao akawina ndiye kuti inenso ndikhoza kuyera, bola ndidzakhoze kuposa onse m'kalasi. Amalume anandionetsa kuti ndinali kudziikira ngongole imene palibe anandiuza kuti ndilipire, n'kuiwala imene ndinali nayodi.

Ngongole yeniyeniyo ndi yosavuta kuitchula koma yovuta kuilipira: kunena zimene unachita popanda kuzichepetsa, kuyambira pamene akuuza kuti uyambire, ndi kusabwerezanso. Pa zitatuzi, chimene ndinaphunzira kwa Zhao ndi chachiwiri. Munthu amene anapambanapo UK Championship anapita kukasewera mipikisano ya osewera wamba, ndipo anayamba chipulula pa gemu yoyamba ngati mwana wa dzulo. Gawo limenelo silionetsedwa kwambiri pa YouTube, koma ndi limene lili ndi phunziro kwa munthu ngati ine. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinkamva mwambiwu ngati wonena za kudikira zabwino. Pa kreti paja ndinaumva ngati wonena za kudikira nthawi yako ya pa tebulo popanda kutukwana amene akusewera.

Chilango changa chinatha ndipo ndinabwerera ku sukulu. Anzanga amene ndinayamba nawo ali chaka chimodzi patsogolo, ndipo adzavala gauni ine ndikadali m'kalasi. Ndimakhala ndi ana amene ndinawalandira ali mafuleshi. Sabata yoyamba, pogawana magulu a asainimenti, ndinaona anthu akuyang'anizana dzina langa litatchulidwa. Mnyamata wina anati, "Aise, foni yako isakhale pa gulupu yathu," anthu n'kuseka. Ndinaseka nawo, chifukwa nthabwalayo ndinaigula ndekha. Sindipempha kuti aiwale. Lekichala amene amandikhazika kutsogolo pa mayeso ali ndi chifukwa, ndipo ndimakhala pamenepo osadandaula. Chimene ndimapempha ndi chochepa: pepala langa lichongedwe ngati la wina aliyense, ndipo gulu la asainimenti lindipatse gawo langa la ntchito.

Mtsikana uja wowerenga usiku ndinakumana naye pa kafiteriya. Ndinamuuza kuti ndine amene ndinatumiza mafunso aja, ngakhale ankadziwa kale, ndipo ndinapepesa chifukwa cha sabata imene anataya. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino, ndamva," n'kupitiriza kudya. Sanandikumbatire, sananene kuti zatha. Anali ndi ufulu wonse woyankha choncho. Khomo la sukulu linayenera kutseguka chifukwa linalonjezedwa, koma mtima wa munthu amene unamulakwira sunasaine pangano lililonse. Ndikuganiza kuti n'chimodzimodzi ndi osewera amene mpaka lero sasangalala akamva dzina la Zhao. Palibe angawakakamize kumuombera m'manja. Chimene sangachite ndi kumuletsa kugwira ndodo.

Mesho wanga sanabwerere, ndipo sadzabwerera pa sukulu ino. Timalankhulana mwa apo ndi apo. Akugulitsa zovala za kaunjika m'tauni ndipo akuti akufuna kudzayambiranso kwina. Ndikamaganiza za Liang Wenbo ndi Li Hang, amene khomo linawatsekekera mpaka kalekale, ndimakumbukira kuti mzere wolekanitsa iye ndi ine unali wopyapyala kuposa mmene ndimafunira kukhulupirira. Foni yake ikanakhala ndi moto tsiku lija, mwina sindikanagwidwa n'komwe, ndipo bwenzi lero ndikuyenda ndi mutu m'mwamba ndili wolakwa chimodzimodzi. Inu amene mukuwerenga, musanaweruze, tafufuzani m'magulupu anu a WhatsApp zimene munaziona n'kukhala chete.

Pa holide yapitayi ndinapita kukaona amalume. Tebulo lija lilipobe, nsalu yake inang'ambika pafupi ndi dzenje la pakona ndipo anaimata ndi selotepi. Anandiponyera ndodo n'kunena kuti, "Tiye tione zimene unaphunzira kwa mnzako wa ku China." Anandigonjetsa magemu atatu otsatizana. Ndinalipira onse atatu, ndinaikanso mipira, n'kukhala pa kreti kudikira nthawi yanga.